Akakuonetsani mfuti pa kampanya, akufuna ciyani kwa inu?

Inu amayi ndi abambo a ku Kalomwe ndi midzi yonse ya m'malire muno, inunso anyamata ndi atsikana amene mudzaponya voti yanu yoyamba: tsiku lina podutsa pa cipata popita ku Dedza, mudzaime pang'ono, mudzayang'ane mbendera za mayiko athu awiri. Ya anansi athu a ku Malawi ili ndi dzuwa likutuluka. Yathu ili ndi nyenyezi, buku lotsegula, khasu, ndi mfuti ya AKM yokhala ndi mpeni kunsonga. Tinaizolowera mwakuti maso athu saionanso mfutiyo. Mwana wa sukulu amaijambula m'kope lake monga mmene amajambulira nkhuku kapena mtengo wa mango.

Mbendera imeneyi inakhazikitsidwa pa 1 Meyi 1983. Malamulo aakulu a dziko, Constituição, amafotokoza tanthauzo lake: buku ndi maphunziro, khasu ndi nchito ya manja athu, mfuti ndi citetezo. Citetezo ca ndani? Ca dziko lonse. Mfuti ija si ya Frelimo, si ya Renamo, si ya MDM, si ya Podemos, si ya cipani ciliconse cimene cidzabadwe mawa. Ndime 76 ya malamulo omwewo imaletsa cipani kukhala ndi cizindikiro cosokonezeka ndi zizindikiro za dziko. Ndime 77 imaletsa cipani kulalikira kapena kugwiritsa nchito zida za nkhondo pofuna kusintha ulamuliro. Kumbukiraninso zimene mwakhala mukuziona pa pepala lovotera: ng'oma ndi cimanga, nkhwali, tambala. Pa ca nkhwali palinso mivi, zoona, koma mfuti palibe pa zitatu zonsezi.

Vuto ndi lakuti mfuti ukaitulutsa pa khomo la kutsogolo, imazungulira n'kulowera kuseri. Nkhani ya tsamba lino ndi imeneyo.

Mmene mfuti imalowera

Masiku ano foni ili m'thumba la mnyamata aliyense wa njinga yamoto. Nyengo ya kukopa anthu, imene timati kampanya, ikayandikira, zithunzi zimayenda pa WhatsApp ndi pa Facebook mofulumira kuposa galimoto ya cipani. Mungalandire cithunzi ca mtsogoleri atavala zamawangamawanga za usilikali, kapena ataima pakati pa anthu onyamula zida. Mungalandire cithunzi cakale ca nthawi ya nkhondo atacilembera mawu atsopano. Zina mwa zithunzi zimenezi n'zopanga pa kompyuta, mwini nkhope sadziwa n'komwe kuti amupatsa mfuti m'manja. Dziwani ici musanacitumize kwa m'bale wanu wa ku Joni kapena wa ku Lilongwe.

Koma mfuti yoopsa kwambiri si ya pa cithunzi ayi. Ndi ya pakamwa. Wina amaima pa msonkhano n'kunena kuti dziko lino analiwombola ndi mfuti, cotero sangalisiye cifukwa ca kapepala. Wina amanena kuti demokalase inabwera ndi mfuti yake, ndipo akaberedwa akudziwa njira ya kuthengo. Wina sanena ciliconse poyera, amangotuma mnyamata kuti adzanong'oneze pa citsime kapena pa cigayo kuti mudzi umene uvotere molakwika udzaona zimene unaona kale. Onsewa akuonetsa mfuti, ngakhale m'manja mwawo muli kapu ndi kapulana basi.

Ku Zimbabwe, mu Juni 2008, Robert Mugabe ananena poyera kuti dziko silingatayike cifukwa ca ka X ka pa pepala, nafunsa kuti colembera cingalimbane bwanji ndi mfuti. Mnzake wopikisana naye, Morgan Tsvangirai, anacoka pa mpikisano cifukwa ca kumenyedwa ndi kuphedwa kwa omutsatira. Mugabe anapambana yekha, koma caka cimeneco ndalama ya dzikolo inasanduka mapepala acabe, ndipo anthu ake ambiri anathawira kunja kukafuna cakudya.

Ine ndikuti munthu wokuonetsani mfuti sakupempha voti yanu. Wopempha amafotokoza, amalonjeza, amayankha mafunso, ndipo amadziwa kuti mukhoza kumukana. Woonetsa mfuti akukuuzani kuti kukana kuli ndi mtengo wake. Mkamwini wobwera kudzafunsira mbeta atanyamula cikwanje paphewa, kodi ankhoswe angati wabwera kudzafunsira?

Ife sitifunika kuuzidwa kuti mfuti ndi ciyani

Pali madera ena pa dziko lapansi kumene anthu amaiona mfuti m'mafilimu mokha. Kuno ayi. Nkhondo ya zaka 16 inapsereza Angónia. Mozambique yonse inataya anthu pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo enanso pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi kokha. Ambiri a inu munakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena kwa acibale, ena m'misasa, mukulandira ufa ndi nyemba za pa mzere pamene minda yanu ya kacewere ndi cimanga inali kumera thengo mukuiona ndi maso kutsidya kwa msewu. Ng'ombe zimene makolo anasunga kwa mibadwo zinatha. Masukulu ndi zipatala zinatsala zipupa zokha. Pa 30 Okutobala 1985, ku Chapotera pafupi ndi Lifidzi, ansembe awiri, João de Deus Kamtedza ndi Sílvio Moreira, anatengedwa usiku n'kuphedwa. Mayina awo analembedwa. Mayina a anthu wamba amene anafa m'midzi yathu ali m'mitima ya abale awo basi.

Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992, pamene Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasainirana pangano ku Roma. Anthu anabwerera, anafukula nkhokwe, anamanganso. Kumapeto kwa Okutobala 1994 tinavota koyamba pa cisankho ca zipani zambiri. Koma citsulo ca nkhondo sicimva kuti pangano lasainidwa: mabomba okwirira pansi anapitiriza kudula miyendo ya alimi ndi ana, ndipo dziko linalengezedwa kuti lawacotsa onse odziwika mu 2015, patapita zaka 23.

Wina angati zimenezo n'zakale. Si zakale kwenikweni. Mu 2012 Dhlakama anabwerera ku Gorongosa, mu 2013 mfuti zinalira, ndipo magalimoto a pa msewu waukulu wa pakati pa mtsinje wa Save ndi Muxúnguè anayamba kuyenda moperekezedwa ndi asilikali. Pambuyo pa cisankho ca 2014, mkangano wa zotsatira unafika m'cigawo cathu ca Tete. Mu 2015 ndi 2016 anthu oposa 10,000, ambiri ocokera ku dera la Moatize, anathawira ku Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, akusimba za nyumba ndi nkhokwe zotenthedwa. Atsogoleri ankatsutsana pa wailesi za amene anayamba. Amene anagona pansi pa matenti mvula ikugwa sanali atsogoleri.

Panafunika pangano lina, la pa 6 Ogasiti 2019 pakati pa Filipe Nyusi ndi Ossufo Momade, ndiponso zaka zinayi za kutula zida, kuti msasa womaliza wa Renamo, wa ku Vunduzi, utsekedwe mu Juni 2023. Asilikali akale oposa 5,000 anabwerera kwawo. Kuyatsa kunatenga miyezi yocepa. Kuzimitsa kunatenga zaka khumi.

Ndipo pano tisakondere mbali. Mfuti ya boma nayonso yalowapo m'cisankho mosayenera. Pa 7 Okutobala 2019, kutatsala masiku asanu ndi atatu kuti tivote, Anastácio Matavele, mkulu wa oyang'anira cisankho ku Gaza, anawomberedwa ku Xai-Xai, ndipo khoti mu 2020 linapeza apolisi olakwa pa imfa yake. Mu Okutobala 2024, patangopita masiku khumi titavota, loya Elvino Dias ndi Paulo Guambe wa Podemos anawomberedwa m'galimoto ku Maputo. Pa zionetsero zimene zinatsatira, mabungwe oyang'anira anawerenga anthu oposa 300 amene anafa, ambiri ndi zipolopolo. Mfuti ya pa mbendera inalonjeza kuteteza anthu amenewa.

Nanga mbiri yathu tiitaye?

Alipo akuluakulu amene adzawerenga izi ndi mtima wowawa. Adzati: ufulu wa pa 25 Juni 1975 sunabwere pa mbale. Anthu anatenga zida pa 25 Sepitembala 1964 cifukwa Apwitikizi sankamva mawu, ndipo kuno ku Tete komwe, pa 16 Disembala 1972, asilikali a atsamunda anapha mazana a anthu ku Wiriyamu. Zonsezi n'zoona, ndipo msilikali wakale ayenera ulemu wake ndi penshoni yake. Lero linonso ana athu ali ku Cabo Delgado, kumene zigawenga zakhala zikupha anthu kuyambira mu Okutobala 2017, ndipo mfuti zimene anyamula n'zoyenera.

Koma taganizani. Anamenyera ciyani? Ngati anamenyera kuti mwana wa Mozambique azisankha yekha womulamulira, ndiye kuti kugwiritsa nchito mfuti yomweyo pomuuza woti asankhe n'kugwetsa nyumba imene unamanga wekha. Ife a dziko la Angoni timaudziwa bwino mwambo umenewu. Pa gule wa ngoma, bambo amavina ndi cishango ndi cibonga, amayi akuimba, ana akuonerera, ndipo palibe amene amathawa, pakuti aliyense akudziwa kuti tikukumbukira makolo. Koma bambo yemweyo akabwera ndi cibonga comweco pa bwalo la milandu, nyakwawa imamuuza kuti akacisiye kunja. Cisankho ndi bwalo la milandu, si bwalo la gule.

Za mbendera yeniyeniyo anthu amasiyana maganizo, ndipo n'zololedwa. Mu 2005 panacitika mpikisano wojambula mbendera yatsopano, zojambula zoposa 100 zinaperekedwa, Renamo inkafuna kuti mfuti icoke, koma mu Disembala caka comweco aphungu ambiri a Nyumba ya Malamulo, a Frelimo, anakana kusintha. Mu 2025 nkhaniyi inadzukanso pamene Venâncio Mondlane anati mbendera isinthidwe. Tsamba lino silikuuzani mbali yoti mutenge. Mungoona kuti mu 2005 mkangano wa mfuti ya pa nsalu unaweruzidwa ndi mavoti a aphungu, ndipo wofuna kuti udzaweruzidwe mwina ayenera kutumiza aphungu ena kudzera pa voti.

Za ku America, ndi za ufulu wokhala ndi mfuti

Acinyamata ena amene amaona zinthu pa intaneti amafunsa kuti: bwanji ku America andale amajambulitsa ndi mfuti poyera, ndipo dzikolo n'lolemera? N'zoona, amatero. Mu Disembala 2021 phungu Thomas Massie anafalitsa cithunzi ca Khirisimasi ca banja lake lonse litanyamula mfuti, patangopita masiku ocepa mwana wa sukulu atawombera anzake anayi ku Michigan. Mu Juni 2022 Eric Greitens, wofuna mpando ku Missouri, anatulutsa filimu ya kampanya akuthyola citseko ca nyumba pamodzi ndi anthu a zida, akuti akusaka anzake a m'cipani cake comwe amene ankawaona ngati ofooka. Facebook inaicotsa filimuyo, ndipo iye anagonja pa cisankho ca m'cipani mwake.

Kumeneko malamulo aakulu a dziko, kuyambira mu 1791, amapatsa nzika ufulu wokhala ndi zida, ndipo andale oonetsa mfuti amakhala akuuza ovota kuti adzateteza ufulu umenewo. Mtengo wake nawu: dzikolo lili ndi mfuti zambiri m'manja mwa anthu wamba kuposa ciwerengero ca anthu ake, ndipo mu 2021 mokha anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti. Oposa theka la iwo anadziwombera okha. Aamerika eni ake amakangana za nkhaniyi caka ndi caka.

Kuno kwathu ufulu wotero mulibe m'malamulo aakulu. Mfuti ndi cinthu ca cilolezo cocokera kupolisi, ndipo kupezeka nayo popanda cilolezo ndi mlandu wa ndende, kaya ndi AKM yotsala pa nkhondo, kaya ndi gogodela wosula pamudzi. Cotero wandale wa kuno akamaonetsa mfuti, palibe ufulu wanu umene akuuteteza. Akungoonetsa mphamvu zake.

Koma akuba ng'ombe bwanji?

Funso ili ndi lolemera, ndipo sindilipeputsa. Tili m'malire. Ng'ombe ikabedwa usiku, kukaca ili kale dziko lina. Wogulitsa fodya kapena matumba a kacewere amabwerera kunyumba ndi ndalama m'thumba, mtima uli m'mwamba. Polisi ili kutali, ndipo kawirikawiri imafika zinthu zitatha. Munthu wotopa ndi kuberedwa akamva wandale akunena kuti iye ndi mwamuna, adzathana ndi mbava ndi cipolopolo, mtima umakhala ngati wapeza mpumulo.

Walira mvula walira matope. Mfuti ikalowa m'mudzi siikhala ya akuba okha. Imapezeka pa mkangano wa malire a munda, pa mowa, pa nsanje ya m'banja, m'manja mwa mwana amene waipeza pansi pa mphasa. Ndipo gulu la anyamata limene wandale walipatsa zida kuti liteteze mudzi, mawa lidzateteza wandaleyo kwa inu. Anansi athu anaziona: gulu la Malawi Young Pioneers linali ndi zida zake ngati asilikali a cipani colamula, mpaka asilikali a boma analilanda zidazo mu Disembala 1993, ndipo ena a iwo anathawira kuno kwathu.

Wofuna voti yanu pa nkhani ya umbava mufunseni mafunso amene mfuti singayankhe. Apolisi adzawonjezeka angati ku dera lathu, ndipo adzakhala ndi njinga zamoto ndi mafuta? Mbava ikagwidwa, adzacita ciyani kuti isatuluke mawa lake cifukwa ca ziphuphu? Adzagwirizana bwanji ndi apolisi ndi mafumu a ku Dedza kuti ng'ombe yowoloka malire izibwezedwa? Amene waganizapo za mavuto anu adzayankha, ngakhale mopunthwa. Amene sanaganizepo adzakweza mawu, n'kubwerera ku nkhani ya mphamvu zake.

Dziko lathu linaonetsapo kale njira ina. Mu 1995 Bungwe la Mipingo ya Cikhristu, motsogozedwa ndi bishopu Dinis Sengulane, linayamba nchito yochedwa Transformação de Armas em Enxadas, kusandutsa mfuti kukhala makasu. Munthu ankabweretsa mfuti imene anakwirira, osafunsidwa mlandu, n'kulandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata. Zidazo ankazidula, ndipo amisiri a ku Maputo anawocerera zidutswa zake n'kupanga zosema. Mpando wina wopangidwa ndi mfuti zoterezi, wa mmisiri Cristóvão Canhavato, uli ku British Museum ku London, ndipo alendo a mayiko onse amaima kuuyang'ana. Pa zinthu ziwiri zopingasana pa mbendera yathu, anthu wamba anasankha okha cimene ankafuna kunyumba.

Pa tsiku lovota

Amene amaopseza amadalira cinthu cimodzi: kuti inu mukhulupirire kuti adzadziwa mmene mwavotera. Voti ndi yacinsinsi. M'kacipinda kovotera mumalowa nokha. Pa pepala simulemba dzina, ndipo mukalipinda n'kuliponya m'bokosi limasakanikirana ndi mazana a ena. Amfumu, sekeretale wa cipani, bwana wa kunchito, mwamuna wanu, palibe amene ali ndi ufulu wokufunsani amene mwamusankha, ndipo inu simukakamizidwa kuyankha. Kapu kapena nsalu imene munalandira pa msonkhano si ngongole.

Lamulo la cisankho limanena zinthu zomveka pa nkhani ya zida. Munthu wonyamula cida ciliconse saloledwa kulowa pa malo ovotera. Gulu la zida siliyenera kupezeka pa mtunda wosakwana mamita 300 kucokera pa malowo, kupatula wapolisi amene wapatsidwa nchito yolondera. Ena angabwere pokhapokha mkulu wa tebulo lovotera, presidente da mesa, atawaitana kuti athetse cisokonezo. Pa mtunda womwewo sipaloledwa zikwangwani, nyimbo kapena malaya a cipani, ndipo kampanya yonse imatha kutatsala maola 48 kuti voti iyambe.

Sindikunamizani kuti malamulo amenewa amatsatidwa paliponse. Zisankho za 2023 ndi 2024 zinasiya madandaulo ambiri pa kawerengedwe ka mavoti ndi pa khalidwe la apolisi. Koma lamulo limene anthu salidziwa limathyoledwa mosavuta kuposa limene mudzi wonse ukulidziwa. Mukaona zida pamene siziyenera kukhala, musakangane ndi wozinyamula. Sungani m'mutu malo, nthawi ndi zimene mwaona, kenaka uzani nthumwi za zipani zimene zili pa tebulo ndi oyang'anira cisankho ovala zizindikiro zawo. Dandaulo lilembedwe pa tebulo pomwepo. Nkhani za cisankho zimapita ku khoti la distrito, ndipo nthawi yake ndi yaifupi kwambiri, maola 48, cotero musadikire kuti sabata ithe.

Zisankho za matauni, kuphatikizapo Ulongwe, zikuyembekezeka mu 2028, ndipo za pulezidenti, aphungu ndi nyumba za malamulo za zigawo mu 2029. Zaka zimenezi zikuoneka kutali, koma zithunzi ndi manong'onong'o zimayamba msanga. Cikakufikani pa foni cithunzi ca wandale ndi mfuti, kaya ndi wa cipani cimene mumacikonda, musacitumize kwa wina. Wina akadzanong'oneza pa cigayo kuti nkhondo ibwerera mukavota mwakuti, mufunseni mwaulemu kuti wamutuma ndani, ndipo mukauze anzanu awiri kapena atatu zimene mwamva, kuti asakupezeni muli nokha. A STAE akadzalengeza kalembera wa ovota, pitani msanga ndi ciphaso canu, mutengenso mwana wanu amene adzakhale atakwanitsa zaka 18 pofika tsiku lovota.